ZA MAZIRA NDI KALULU M'MABUKU A PASKHA

Mabuku a zithunzi ocokera ku Ulaya ndi ku America afika m'manja mwa ana athu, ndipo ena mwa iwo anena za Paskha. Mwana potsegula apezamo maluwa, mazira opaka utoto, ndi kalulu wonyamula dengu. Akafunsa kuti, Kodi izi zikhudzana bwanji ndi kuuka kwa Ambuye? kholo liyenera kukhala nao mau akumyankha.

Tiyambe ndi nyengo. M'caka ca 325 akuru a Eklesia anasonkhana ku Nicaea, napangana kuti Akristu onse asunge Paskha tsiku limodzi. Lamulo limene titsata ife ndi ili: tiyembekeza mwezi ukhale wathunthu pa 21 March kapena m'tsogolo mwace, ndipo Lamulungu lotsatapo ndilo Paskha. Cotero tsikulo ligwa pakati pa 22 March ndi 25 April. Ku maiko a kumpoto imeneyo ndiyo nyengo yakutha cisanu. Mitengo iphuka, mbalame zimanga zisa, nkhosa ziswa. Wojambula wa kumeneko angojambula zimene aziona pakhomo pace.

Nanga mazira? Kale Akristu a ku Ulaya sanali kudya mazira m'masiku 40 akusala, koma nkhuku sizinaleka kuikira. Pofika Paskha mazira anacuruka, ndipo anthu anawapaka utoto, napatsana. Anati dzira lifanana ndi manda otsekeka m'mene muturuka moyo.

Za kalulu wogawa mazira ndi nthano cabe ya ku Germany, imene inalembedwa kale m'caka ca 1682. Ajeremani osamukira ku Pennsylvania anamuka nayo, ndipo buku la Katherine Milhous, The Egg Tree, la caka ca 1950, lisimba za ana a kumeneko ofunafuna mazira m'mawa wa Paskha. Apa ticenjere. Ana athu amdziwa Kalulu ngati kamberembere wa m'nthano za madzulo. Tikakhala cete, adzayesa kuti kuuka kwa Yesu nakonso ndi nthano.

Kwathu kuno Paskha atipeza mvula irikutha, cimanga citakhwima m'munda. Potero sitiri kutali ndi Malembo, pakuti Paskha wa Ayuda anafika poyamba kukolola barele, ndipo mtolo woyamba unaperekedwa kwa Mulungu, monga tiwerenga pa Levitiko 23. Paulo, pa 1 Akorinto 15, afanizira Kristu wouka ndi zipatso zoyamba, ndi thupi loikidwa m'manda alifanizira ndi mbeu yofesedwa.

Cifukwa cace musamlande mwana bukulo. Khalani naye pamphasa, mumuuze kuti maluwawo ndi a nyengo ya eni ace, ndi kuti kaluluyo ndi masewera. Pamenepo mupite naye kumunda, mumkumbutse njere imene munaikwirira pa mvula yoyamba, nimumpatse cimanga cacikuru acigwire m'manja. Mukatero, mwanayo adzamva za kuuka kwa akufa m'munda wa kwao.