Mwana akasintha, musamuopseze ndi Chainama

M'makomo ambiri mu Lusaka, dzina la Chainama lasanduka chikwapu. Mwana akayamba kudzitsekera m'chipinda kapena kulira popanda chifukwa chooneka, wamkulu amamukalipira kuti, "Ukapitiriza zimenezi tikakusiya ku Chainama." Anzake kusukulu nawo amatola mawuwo n'kumamuseka. Komatu Chainama Hills ndi chipatala basi, cha matenda a maganizo, cha m'mbali mwa msewu wa Great East popita ku Chelstone. Mwana amene wakula akumva dzinali ngati chilango amabisa zomwe zikumudya mumtima, ndipo podzazindikira inu madzi amakhala atafika kale m'khosi.

Bungwe la WHO limati mwa achinyamata 7 aliwonse azaka 10 mpaka 19, mmodzi amakhala ndi vuto la maganizo. Si za ana a anthu ena okha ayi. Zili m'mafulati a ku Kabwata momwe mwana alibe ngakhale kangodya kolirira, ziliponso kuseri kwa mipanda ya ku Kabulonga ndi Woodlands, komwe mwana ali ndi chipinda chake ndi foni koma amatha sabata osacheza ndi makolo ake.

Kukwiya kwa tsiku limodzi si nkhani. Chofunika kuchiyang'anira ndi kusintha komwe kwatha milungu iwiri kapena kuposa: mwana wokonda mpira wasiya kutuluka, nsima akungoinyema n'kuisiya, usiku sagona, m'mawa uliwonse wa sukulu mutu kapena m'mimba mukumuwawa. Khalani tcheru makamaka nthawi ya mayeso a ECZ ndiponso zotsatira zikatuluka. Wolephera giredi 12 safunika kumukumbutsa za ndalama zomwe munawononga, akuzidziwa kale.

Pofuna kumufunsa, musamuitanire pabalaza pamaso pa banja lonse ngati pali mlandu. Mutengeni popita kumsika, kapena khalani naye mukusadzula chibwabwa, manja ali pa ntchito, maso osayang'anizana. Yambani ndi zomwe mwaona: "Mwanangu, ndaona masiku ano sukudya bwino. Chikukusowetsa mtendere n'chiyani?" Kenako khalani chete. Apa ndi pomwe makolo ambiri timalephera, chifukwa mwana asanamalize timayamba kale zoti ife tinkapita kusukulu opanda nsapato. Akayankha kuti "palibe", musamukakamize. Mudzafunsenso tsiku lina. Ndipo zomwe wakuuzani zisakafike pagulu la WhatsApp la achibale. Azakhali akangomufunsa za nkhaniyo pa ukwati, ndiye kuti sadzakuuzaninso kanthu.

Kumenya sikuchiza nkhawa, ndipo lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, limaletsa kulanga mwana pomumenya. Nalonso lamulo la umoyo wa maganizo la 2019 linalowa m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda lomwe linkatchula odwala ndi mayina onyoza. Ngati boma linasiya mayinawo, pakhomo panu asamveke. Mng'ono wake akamunena kuti "wofuntha", mudzudzuleni pomwepo.

Kupemphera ndi kwabwino, pitani naye kwa abusa kapena ansembe ngati iye akufuna. Koma musalole kuti amuimike kutsogolo kwa mpingo ngati wogwidwa ndi ziwanda, ndipo pemphero lisatseke njira ya kuchipatala. Yambirani pakiliniki yapafupi, ya Kabwata kapena Chelstone, kapena pachipatala cha Chilenje. Akaona kuti pakufunika katswiri adzakutumizani. Kusukulu funsani mphunzitsi wa uphungu. Mukapeza chamba kapena timabotolo ta mankhwala a chifuwa m'chikwama, funsani chomwe akuthawa musanafunse komwe anagula.

Pali chimodzi chosafuna kudikira. Mwana akanena kuti watopa ndi moyo, akayamba kugawa zinthu zake kapena mukaona mabala odzicheka pamikono, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Funsolo silimupatsa maganizowo, limamutsegula pakamwa. Tsekerani mankhwala onse, kuphatikizapo a makoswe ndi a m'dimba, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala cha UTH kapena china chapafupi tsiku lomwelo.

Nambala ya Childline ndi 116, ya Lifeline ndi 933, ndipo zonse ndi zaulere. Zisungeni mufoni yanu, ya mwanayo ndi ya amene amatsala ndi ana pakhomo, ndipo mumuuze mwana kuti atha kuimba popanda kukupemphani chilolezo.