PHUNZIRO 14: ULA WA MALONDA

Powerenga: Machitidwe 16:16-24

Kwa Aphunzitsi

Ana anu a ku Nsanama akudziwa kale za kuombeza ula. Mwana akadwala kapena mbuzi ikasowa, anthu ena amapita kwa woombeza atanyamula nkhuku kapena ndalama. Ku Ulaya nakonso kuli ula wao wa makadi otchedwa tarot. Makadiwa anayamba ngati masewera ku Italy m'zaka za m'ma 1400, koma lero alipo anthu amene amadyera pomwepo, nalipiritsa aliyense wofuna kumva za mawa.

Fotokozerani ana za mdzakazi wa ku Filipi. Iye ankaombeza, koma ndalama zinkapita kwa ambuye ake. Paulo atatulutsa mzimu uja, ambuyewo sanakondwere kuti mtsikanayo wamasuka. Anakwiya poona kuti phindu lao latha, ndipo Paulo ndi Sila anaponyedwa m'ndende.

Phunziro lagona apa: wodyera ula safuna kuti mantha a anthu athe. Akalandira nkhuku sangabweze munthu wopanda yankho. Kawirikawiri amatchula wina kuti ndiye mfiti, makamaka agogo osauka, ndipo banja limapasuka. Lamulo la dziko lathu la 1911 limaletsa kuloza munthu ufiti.

Musanyoze makolo a ana m'kalasi. Aphunzitseni kuti wodwala malungo apite naye msanga kuchipatala, ndipo za mawa azisiye m'manja mwa Mulungu, amene salipiritsa.

Mafunso

1. Ndani anapindula ndi ula wa mdzakazi uja?
2. Tingawathandize bwanji agogo amene anamiziridwa ufiti?