MBAULA, MAGAZI NDI MPWEYA: PHUNZIRO LA MIYEZI YOZIZIRA

Miyezi ya June ndi July ikafika, usiku kumazizira ndithu ku Mpanshya ndi m'midzi yina ya m'boma la Rufunsa. Makala, amene ena ati malasha, sasowa kumeneko, pakuti matumba ace amandandalikidwa m'mbali mwa mseu wa Great East Road kudikira magalimoto a ku Lusaka. Cotero ambiri amalowetsa mbaula m'nyumba, natseka citseko, nagona. Cizolowezi cimeneci capha anthu m'maiko ambiri, ndipo cifukwa cace cili m'magazi.

Nchito ya magazi

M'magazi muli kanthu kofiira kochedwa hemoglobin. Munthu akapuma, kanthu aka kamagwira okosijeni m'mapapo, ndiwo mpweya wosunga moyo, ndi kukautula m'minofu. Kugwira kumeneku sikuli ngati mfundo yosamasuka ai. Nthawi zonse wina ulikugwidwa, wina ulikumasuka. Kufanana ndi pacitsime m'mamawa: akazi ena alikufika, ena alikucoka, ndipo ofika akalingana ndi ocoka, ciwerengero ca oima pamenepo sicisintha, ngakhale palibe amene wakhala cete. Akatswiri a sayansi amacha mkhalidwe wotere equilibrium, ndiko kunena kulingana.

M'caka ca 1884 katswiri wa ku France, Henri Le Chatelier, anafotokoza lamulo lace la kulinganaku: cinthu cina cikacuruka kapena kucepa, zonse zimapendekera ku mbali imene icepetsa kusinthako. M'mapapo okosijeni ngwocuruka, tsono magazi amaugwira. M'minofu ya wolima ngwocepa, tsono magazi amausiya. Ndimo m'mene thupi limadyetsedwera mpweya usana ndi usiku.

Mlendo wolanda malo

Makala akamayaka m'nyumba yosalowa mphepo amatulutsa mpweya wina, dzina lace carbon monoxide. Ulibe fungo, suoneka ndi maso, sutsokomoletsa. Ndipo makala ofiira bwino, amene utsi wace watha, amautulutsabe. M'caka ca 1857 Claude Bernard anasonyeza kuti mpweya uwu umakhala pa malo a okosijeni m'magazi. Hemoglobin imaugwira kolimba koposa okosijeni nthawi zopitirira 200. Cifukwa cace ukakhala gawo 1 lokha mwa magawo 1,000 a mpweya wa m'nyumba, ukhoza kulanda pafupifupi theka la malo onse ngati munthu aupuma nthawi yaitali.

Zizindikiro zace ndi izi: mutu kuwawa, cizungulire, mseru, kufooka kwa miyendo, ndi tulo tolemera. Makanda, akazi apakati ndi okalamba ndiwo amagwa msanga. A m'nyumba imodzi akadzuka onse ndi mutu wowawa, koma thupi losatentha, asafulumire kunena kuti ndi malungo, kapena kuloza cala mnansi kuti wawalodza. Ayambe ayang'ana mbaula.

Njira ya cipulumutso

Cotonthoza ncakuti mlendo uyunso samangidwa ndi mfundo yosamasuka. Lamulo lomwe lija limene linamlowetsa likhoza kumtulutsa. Wodwala akaturutsidwa panja, mpweya woipa suonjezekanso, okosijeni acuruka, ndipo kulingana kuja kupendekera ku mbali ya moyo. Koma kucita pang'onopang'ono: mu mpweya wa panja pamapita maora 4 kapena 5 kuti theka la poizoniyo licoke m'magazi. Wodwala akapumitsidwa okosijeni wosasakaniza, monga acitira m'zipatala, theka limacoka m'ora limodzi ndi theka, kapena msanga koposa. Ndico cifukwa cace munthu amene wakomoka, ngakhale watsitsimuka, ayenera kupita naye ku cipatala, monga ca St Luke ku Mpanshya, osacedwa.

Zoyenera kukumbukira

1. Mbaula yoyaka isagone m'nyumba pamodzi ndi anthu. Banja liothe, kenaka aiturutse asanagone.
2. Pootha kapena pophika m'nyumba, citseko kapena zenera likhale lotsegula.
3. Wopeza anthu atakomoka pafupi ndi mbaula ayambe watsegula citseko, awakokere panja, ndipo iye mwini asakhalitse m'katimo.
4. Wokomoka amgoneke cam'mbali. Asammwetse mkaka, madzi kapena mankhwala, kuti angatsamwe.

Bulangeti limodzi loonjezera liposa mbaula usiku, pakuti limafunditsa popanda kulanda mpweya wa ogona.

Mafunso

1. Kodi fanizo la akazi pacitsime liphunzitsa ciani za okosijeni m'magazi?
2. Nanga ncifukwa ninji makala opanda utsi ali oopsabe?
3. Mpweya wa panja ndi okosijeni wa ku cipatala zisiyana bwanji pocotsa poizoni?
4. Ndani m'mudzi muno amene amagona yekha ndi mbaula, ndipo adzamcenjeza ndani caka cino?