ATATSIKIRA PA ZALEWA LERO, TINGAMUDZIWE?

Pa tchuthi chathachi, ndikudikira galimoto yopita kwathu ku Neno pa Zalewa, ndidamva abambo awiri akutsutsana. Wina adali ndi Baibulo m'manja ndipo ankati nthawi yatha, namondwe Freddy wa mu 2023 ndi kolera idapha anthu ija ndi zizindikiro zoti Ambuye Yesu ali pakhomo. Mnzakeyo, amene ankagulitsa manachesi, adayankha kuti, "Achimwene, Yesuyo atati atsike basi pompano, oyamba kumuimitsa ndi apolisi awa kuti aonetse chiphaso. Achiwiri ndinu, kumufunsa kuti amapemphera mpingo wanji." Tonse tidaseka. Koma njira yonse, galimoto ikulimbana ndi zitunda zokwera ku boma, mawu a bambo wa manachesiwo sadandichoke m'mutu. Nditabwerera kuno ku seminale ndidaganiza zolifufuza funsoli kuti tiliphunzire pamodzi, ife aseminale, Abambo athu ansembe ndi inu makolo.

Zimene Eklezia amaphunzitsa

Lamulungu lililonse pa Misa timavomereza poyera kuti Khristu adzabweranso ngati woweruza wa anthu onse. Imeneyi si nkhani ya mipingo ina yokha ayi, ndi chikhulupiriro chathu. Koma Ambuye eni ake adatiikira malire. Pa Mateyo 24:23-27 adachenjeza kuti kudzauka anthu odzitcha dzina lawo, ndipo kuti tisadzathamangire kuthengo kapena m'zipinda zobisika chifukwa wina wati ali kumeneko. Kubwera kwawo adakuyerekeza ndi mphenzi, imene ikang'anima aliyense amaiona yekha popanda womulozera. Pa ndime 36 adaonjeza kuti tsiku lake ndi chinsinsi cha Atate. Tsono tikafuna kuyankha mutu wathuwu mwachidule, pa tsiku lomaliza Khristu sadzatsikira pa Zalewa. Munthu amene mpaka wina achite kukuuzani kuti uyu ndi Yesu, ameneyo si Yesu.

Vuto loiwala malire amenewa ndi lakale. Ku Tesalonika Akhristu ena adaleka kugwira ntchito poganiza kuti tsiku lafika, mpaka Paulo Woyera adachita kuwalembera kalata yachiwiri yowauza kuti abwerere ku ntchito. M'chaka cha 1944 likulu la Eklezia ku Roma lidagamula kuti si bwino kuphunzitsa zoti Khristu adzalamulira mooneka pansi pano chiweruzo chomaliza chisanafike. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa mu 1992, pa nambala 675 mpaka 677, amabwereza chenjezolo ndipo amatchula makamaka upulumutsi wabodza wa ndale. Mfundo imeneyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Pamene anthu adawerenga masiku

Kwathu ku Neno kuli mishoni ziwiri zakale zoyandikana msinkhu. Ansembe a chipani cha Montfort adatsegula mishoni ya Neno mu 1906, ndipo mu 1908 a Seventh Day Adventist adayamba ntchito ku Matandani. Dzina loti Adventist likutanthauza woyembekeza kubwera, ndipo ndi lochokera ku mawu omwewo amene ife timatchulira nyengo ya Adiventi. Mizu ya mpingo umenewu ili pa William Miller, mlaliki wa ku America amene adawerengera zaka za m'buku la Danieli, otsatira ake n'kukhazikitsa tsiku la 22 Okotobala 1844. Ena sadakolole m'minda mwawo. Tsikulo dzuwa lidalowa monga mwa masiku onse. Koma tinene chilungamo: amene adatsala n'kupanga mpingowu mu 1863 adaphunzirapo, adaleka kuika masiku, ndipo sukulu ndi chipatala cha ku Matandani zathandiza ana a Neno a mipingo yonse.

M'dziko muno amene adatchuka ndi kuika tsiku ndi Elliot Kamwana wa ku Nkhata Bay. Atabwera kuchokera ku South Africa mu 1908, adalalika kuti mu Okotobala 1914 ufumu wa Khristu udzafika, msonkho udzatha ndipo azungu adzapita kwawo. M'miyezi yochepa adabatiza anthu oposa 9,000. Ena amati anthuwo adali mbuli, koma ine sinditero. Adali anthu olemedwa ndi msonkho wa nyumba, amene amuna awo ankathera ku migodi ya ku Joni, ndiponso amishoni ankawadikiritsa zaka m'makalasi asanawabatize. Kamwana adawapatsa ubatizo wa lero lomwe ndi chiyembekezo cha mawa. Boma la atsamunda lidamuchotsa kwawo mu 1909 ndipo adaloledwa kubwerera mu 1937. Chimene 1914 idabweretsa ndi nkhondo ndi mtengatenga.

Woopsa adali Tomo Nyirenda, Mmalawi mnzathu amene adaphunzirako ku Livingstonia. Mu 1925, pakati pa Alala a ku Zambia, adayamba kutchedwa Mwana Lesa, ndiye kuti Mwana wa Mulungu. Ankati pobatiza amatha kuzindikira mfiti, ndipo amene wamugwira ufiti ankamizidwa m'madzi mpaka kufa. Ku Zambia ndi ku Congo adaphetsa anthu oposa 100, mafumu ena akumuthandiza, kufikira adanyongedwa ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, mu 1926. Taonani chimene anthu ankafuna kwa mpulumutsi wawoyo. Sankafuna kuti awakhululukire machimo awo. Ankafuna kuti awalozere mnansi amene akuwalodza.

Anzanga aseminale, tisaganize kuti sukulu yathuyi ndi katemera. Pa 17 Malichi 2000 ku Kanungu m'dziko la Uganda, anthu mazanamazana adapsera m'tchalitchi cha gulu limene linkalalika kutha kwa dziko, ndipo atafukula maenje m'malo ena chiwerengero cha akufa chidapitirira 700. Ambiri mwa iwo adali Akatolika okonda kolona. Mmodzi mwa atsogoleri awo adali Dominic Kataribabo, wansembe amene adaphunzira mpaka ku America ndipo adakhalapo mkulu wa seminale yaing'ono ya Kitabi. Pa nyumba yake pokha padapezeka mitembo yoposa 100. Iyeyu Mateyo 24 adamuwerenga bwino kuposa ife. Chimene adataya ndi kumvera: adakhulupirira masomphenya kuposa episkopi wake. Zangati zomwezi zidachitikanso ku Shakahola m'dziko la Kenya mu 2023, kumene anthu oposa 400 adafa atauzidwa kuti asale kudya kuti akakumane ndi Yesu.

Mpulumutsi amene tidamulandira ku Chileka

Agogo athu adamuonapo munthu wobwerera kwawo ngati mesiya. Pa 6 Julaye 1958 Dr Hastings Kamuzu Banda adatsika ndege ku Chileka atakhala kunja zaka pafupifupi 40. Achinyamata a Congress, monga Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, adachita dala kumukweza pamaso pa anthu kuti aoneke ngati mpulumutsi, poona kuti chitaganya sichingathe popanda munthu mmodzi woti dziko lonse limutsate. Nzeruyo idagwira ntchito: chitaganya chidatha mu 1963, ufulu udabwera mu 1964. Koma chaka chomwecho amene adamuitanawo adachotsedwa m'boma, ena n'kuthawira kunja. Mu 1971 adakhala Pulezidenti wamuyaya. Mu Meyi 1983, Neno ikadali mbali ya boma la Mwanza, mitembo ya Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga idapezeka pa msewu wa ku Thambani, dziko n'kuuzidwa kuti idali ngozi ya galimoto.

Sindikulemba izi kuti ndiweruze Kamuzu, paja zabwino zimene adachita zilipo ndipo zikuoneka. Ndikufuna tione mbali yathu. Munthu tikamutcha mpulumutsi timamupatsa chimene ndi cha Mulungu yekha, ndipo kuyambira pamenepo womudzudzula amasanduka wonyoza zopatulika. Aepiskopi athu atatulutsa kalata yawo ya pa 8 Malichi 1992 adaopsezedwa, makina osindikizira a Montfort ku Balaka adatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Pa Yohane 6:15 timawerenga kuti anthu atakhuta buledi adafuna kumulonga Yesu ufumu, koma Iye adathawira kuphiri. Ichi n'chizindikiro chothandiza pa nthawi ya kampeni: woona adathawa mpando, onyenga amaukakamira.

Kubwera kwa pakati

Bernard Woyera wa ku Clairvaux, amene adamwalira mu 1153, adaphunzitsa kuti kubwera kwa Ambuye kuli patatu. Koyamba ndi kwa ku Betelehemu, komaliza ndi kwa mu ulemerero, ndipo pakati pake pali kubwera kobisika kwa tsiku ndi tsiku. Ansembe athu amawerenga phunziro limeneli m'mapemphero awo m'sabata yoyamba ya Adiventi. Apa m'pamene bambo wa manachesi uja adalasa. Pa Mateyo 25:31-46 Woweruza akudziika m'malo mwa wanjala, mlendo, wodwala ndi wam'ndende, ndipo chodabwitsa n'chakuti magulu onse awiri, abwino ndi oipa omwe, sadamuzindikire. Tsono funso loti tingamulandire bwanji silofunika kulota. Tingoyang'ana m'mene tidawalandirira amene adabwera kale.

Pa kubwera kwake koyamba sadakanidwe ndi akunja. Abale ake adamuyesa wamisala, akatswiri a Malembo adati mphamvu zake n'za mkulu wa ziwanda (Marko 3:21-22), ndipo anthu a m'mudzi mwake adafuna kumuponya kuphompho (Luka 4:29). M'chinenero chathu tinganene kuti adamutcha mfiti.

Mu Januwale 2016, m'mudzi wa Chimbalanga kwa T/A Dambe, mphenzi idapha mtsikana wa zaka 17. Chisoni cha banja lake chidali chachikulu ndipo palibe angachipepuse. Koma anthu sadathere pa kulira. Adagwira agogo anayi, n'kuwanena kuti ndiwo adatumiza mphenziyo, n'kuwapha. Nkhaniyi idamveka dziko lonse, ndipo ife a ku Neno timachita manyazi ikatchulidwa. Dera limeneli lamva Mthenga Wabwino zaka zoposa 100, kuchokera ku mishoni ziwiri zija ndi mipingo ina yambiri. N'zovuta kukhulupirira kuti m'khamulo mudalibe obatizidwa. Nanga amene adangoima chapatali, manja ali kumbuyo? Lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe m'midzi mwathu imvi zasanduka mlandu. Mphenzi imagwa kawirikawiri m'malo okwera nthawi ya dzinja, ndipo aliyense wa Fomu 2 angafotokoze m'mene magetsi a m'mitambo amatsikira pansi. Mtima umene udafuna Mwana Lesa mu 1925 ndi womwewo udafuna wolozedwa chala kwa Dambe. Ndikaganiza za munthu wachilendo wofika m'mudzi wotere, wopanda chiphaso, wochiza odwala popanda mankhwala, wodya ndi anthu amene mudzi udawasala, sindikayika dzina limene tingamupatse dzuwa lisanalowe.

Komatu chaka chomwecho Neno idaonetsa nkhope ina. Anthu zikwizikwi othawa ziwawa m'chigawo cha Tete adaunjikana pa Kapise ku Mwanza, ndipo boma lidatsegulanso kampu ya Luwani, imene idatsekedwa mu 2007. Sikadali koyamba. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okotobala 1992, Malawi adasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Makolo a m'malire muno amakumbukira kugawana nawo minda, zitsime ndi manda. Sadawafunse mpingo. Ambiri mwa amene adachita zimenezi sakadatha kutchula mutu ndi ndime, ndipo sankadziwa kuti akulandira yani. Malinga ndi Mateyo 25, kusadziwako sikudzawachotsera kanthu.

Tsono boma limodzi, chaka chimodzi, lidapha okalamba ake n'kulandira alendo. Sindikudziwa kuti anthu a ku Luwani ndi abwino kuposa a kwa Dambe. Ndikuganiza kuti mlendo wochokera kutali ndi wosavuta kumuchitira chifundo kusiyana ndi gogo wa kuseri kwa nyumba, amene tili naye mkangano wa malire a munda ndipo mantha athu onse tawakoleka pa iye.

Bambo Mphunzitsi wathu wa Baibulo avomera kuti Adiventi ikubwerayi gulu lililonse liwerenge Mateyo 24 ndi 25 pamodzi, osalekeza pa mutu 24 monga achitira alaliki a m'mabasi. Pa tchuthi cha Khirisimasi aliyense akafunse akatekisiti a kwawo kuti ndi okalamba angati mu mphakati mwawo amene akukhala okha, ndiponso ndi angati mwa iwo amene akunenedwa ufiti. Inu makolo tikupempha kuti mukatithandize kuwapeza, chifukwa mayina awo mumawadziwa ndinu. Zimene tikapeze tidzakambirana sabata yoyamba ya teremu yachiwiri.