Nyimbo ya Pamtima pa Mwana Ngati Poyambira Kuwerenga

Zolinga za phunziroli

Pomaliza phunziroli, mphunzitsi athe kufufuza nyimbo zimene ophunzira ake amakonda popanda kuzinyoza, kusankha zoyenera m'kalasi, ndiponso kuzigwiritsa ntchito pophunzitsa kulankhula, kuwerenga ndi kulemba m'chinenero cha makolo.

Mawu oyamba

Mwana wa zaka 6 akamalowa kalasi yoyamba sadziwa chilembo ngakhale chimodzi, komatu sabwera chimanjamanja. Pamtima pake pamakhala nyimbo zambiri zimene anaziloweza popanda womukakamiza: imene mayi ake ankamutonthozera ali kumsana, ya pamtondo, ya m'nthano za agogo, ya kutchalitchi, ndi ija imene imalira pafoni ya mkulu wake. Nyimbozi ndizo buku lake loyamba. Maphunziro a zinenero ziwiri, amene anayesedwa m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997 asanakhazikitsidwe m'sukulu za boma mu 2003, amatsamira pa mfundo imodzi: mwana ayambe ndi chimene akuchidziwa, kenako apite ku chachilendo. Nyimbo imene amaikonda ndiyo chinthu chimene amachidziwa bwino koposa.

Zimene mwana wa ku Milange amamva

Boma lathu lili pamalire, ndipo nyimbo sizifunsidwa chiphaso pa Muloza. Mawailesi a ku Malawi amamveka bwino kuno, kotero mwana wa m'munsi mwa phiri la Tumbine amakula akumva Lucius Banda wa ku Balaka ndi reggae ya Black Missionaries a ku Chileka. Mwana yemweyo amamvanso marrabenta ndi pandza zochokera ku Maputo, kizomba ya m'Chipwitikizi, ndi ng'oma za kumudzi kwawo, zoimbidwa m'Chichewa kapena m'Chilomwe. Mukafunsa kalasi yonse nyimbo imene aliyense amaikonda, mayankho adzasiyana monga momwe nkhope zawo zilili zosiyana.

Apa ndi pamene mphunzitsi amapunthwa kawirikawiri. Tsiku lina, ndikuonerera phunziro la wophunzira uphunzitsi pasukulu ina, iye anapempha ana kuti aimbe nyimbo zimene amazikonda. Mnyamata wina anayamba nyimbo ya reggae, koma mphunzitsiyo anamudula, nati zimenezo ndi za kumowa. Kamtsikana kena kanaimba nyimbo ya agogo ake m'Chilomwe. Anzake anaseka kuti ndi yachimidzi, ndipo mphunzitsi naye anamwetulira. Kuchokera pamenepo palibe anakwezanso dzanja mpaka belu linalira. Mphunzitsiyo sanali wankhanza. Cholakwa chake chinali kuyesa nyimbo za ana ndi muyeso wa khutu lake. Kwa mwana, kunyoza nyimbo yake kuli ngati kunyoza kwawo, ndipo mwana amene wachititsidwa manyazi ndi za kwawo amatseka pakamwa. Pakamwa pakatsekeka, phunziro la chinenero latha.

Za makolo ndi za masiku ano

Ena amaganiza kuti m'kalasi muyenera kulowa nyimbo za makolo zokha. N'zoona kuti chuma chimenechi n'chofunika kuchisunga: bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu ndi timbila za Achopi mu 2005, ndiponso tchopa wa Alomwe a ku Malawi mu 2014. Koma mpanda umene timamanga pakati pa za makolo ndi za masiku ano ndi waudzu. Marrabenta inabadwira m'makomboni a mzinda wa Lourenço Marques ngati nyimbo za m'tauni, koma lero timaitcha chikhalidwe cha dziko lathu. Allan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo, ankatenga kaimbidwe ka kumudzi n'kukaika pa banjo, ndipo nyimbo zake zinafalikira pawailesi. Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, anadziwika kwa achinyamata ambiri pamene anaimbanso "Linny Hoo" pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020. Choncho funso la mphunzitsi lisakhale lakuti nyimboyi ndi yakale kapena yatsopano, koma lakuti kodi ithandiza mwana kuphunzira.

Kusankha nyimbo

Kulandira nyimbo iliyonse mwaulemu sikutanthauza kuti iliyonse ilembedwe pabolodi. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: nyimbo ikhoza kukoma m'khutu pamene mawu ake ndi olaula kapena onyoza akazi, olumala kaya mtundu wina. Mverani nyimbo yonse musanaibweretse m'kalasi. Pewani nyimbo za zipani. Nyimbo za kuchinamwali ndi za kudambwe zili ndi eni ake ndi malo ake, ndipo kuziimbitsa ana pasukulu kungakudanitseni ndi makolo ndi mafumu. Mwana akaimba nyimbo yosayenera, muthokozeni chifukwa choyankha, kenako mupempheni ina popanda kumuchititsa manyazi.

Pophunzitsa kuwerenga, sankhani nyimbo yaifupi, ya m'chinenero chimene kalasi ikuphunziriramo, yokhala ndi mawu obwerezabwereza. Nyimbo ya m'Chilomwe isatayidwe: mwini wake aiimbe ndi kufotokozera anzake tanthauzo lake. Ya m'Chipwitikizi isungidwire phunziro la Chipwitikizi.

Kayendetsedwe ka phunziro

1. Kulankhula. Ana akambirane awiriawiri: Umakonda nyimbo iti? Unaimva kuti? Chifukwa chiyani umaikonda? Musakhutire ndi yankho lakuti "imangondisangalatsa". Mwana akatchula chifukwa, wayamba kuphunzira kuteteza maganizo ake.

2. Kuimba. Mwini nyimbo aitsogolere, ena onse avomereze. Inu khalani m'gulu la ovomereza, kuti ana aone kuti nawonso ali ndi choti akuphunzitseni.

3. Kulemba pabolodi. Ana akuuzeni mawu pang'onopang'ono inu mukulemba iwo akuona. Apa mwana amazindikira kuti chimene chimatuluka pakamwa chingathe kuikidwa pa malembo.

4. Maphatikizo. Tengani mawu atatu kapena anayi, ana aombe m'manja pa phatikizo lililonse. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, a, e, i, o, u, ndipo nyimbo imawamveketsa bwino chifukwa woimba amakokera pa malembo amenewa.

5. Kulemba kwa ana. Ana a makalasi apamwamba apeke ndime yawoyawo pa kaimbidwe komweko, yonena za msika, mvula kapena ulendo wa kusukulu.

Zoyenera kusamala

Mwana amene waloweza nyimbo amaoneka ngati akuwerenga pamene akungoimba. Kuti mudziwe zoona, lembani mawu pa timapepala, muwasokoneze, ndipo mwana awerenge limodzilimodzi. Kumbukiraninso kuti woimba amakoka mawu ena, amameza ena, ndiponso amasintha kukwera ndi kutsika kwa liwu. M'Chichewa kukwera ndi kutsika kumeneku kumasiyanitsa matanthauzo, monga mtengo wa kutchire ndi mtengo wa pamsika. N'chifukwa chake mukatha kuimba, ana anenenso mawuwo molankhula.

Ntchito ya aphunzitsi

a) Lembani nyimbo zitatu zimene inu mumazikonda ndi imodzi imene simuikonda. Kambiranani m'magulu: kodi kusaikondako kukuchokera m'mawu ake, kapena m'mene inu mumawaonera anthu amene amaikonda?

b) Sabata ino sonkhanitsani nyimbo khumi kwa ophunzira anu. Pa iliyonse lembani chinenero chake, kumene mwana anaimva, ndi phunziro limene ingathandize.

c) Konzani phunziro limodzi motsatira ndondomeko ili pamwambayi. Mukaliphunzitsa, onetsetsani ngati pali mwana amene kale sankalankhula koma tsikulo wakweza dzanja, ndipo mudzatiuze pamsonkhano wotsatira nyimbo imene inamutsegula pakamwa.