Utoto Wochokera ku Zotsala za Mbewu

Alimi nonse mukudziŵa kuti mango akupsa ndi maungu amapatsa thupi vitamini A. Chimene chimachita zimenezi ndi utoto wachikasu uja, wotchedwa beta-carotene.

Utoto womwewu umapangidwanso ndi yisiti ndi chuku, ndipo chakudya chake ndi zotsala za mbewu zanu. Yisiti wofiira wotchedwa Rhodotorula amakula bwino pa molasizi, uja amatsala popanga shuga monga ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Ku Ulaya amaŵeta chuku cha Blakeslea trispora m'matanki akuluakulu, nathira utoto wake m'majarini ndi m'zakumwa. Ku Java nako amameretsa chuku cha Neurospora pa zotsala pofinya mafuta a mtedza, n'kukhala chakudya chofiirira chotchedwa oncom.

Koma chenjerani. Chuku chimene chimamera chokha pa mtedza kapena pa madeya onyowa si chomwechi ayi. Chikhoza kukhala ndi poizoni wa aflatoxin, amene amaononga chiŵindi cha munthu ndi cha chiŵeto chomwe. Musayese kuŵeta chuku pakhomo. Madeya anu yanikani aume gwa, muwaike m'matumba ndi kusanja pa thandala, osati pansi.