Khadi lili m'Baibulo, mkamwini wanga ali pamphasa

Azakhali, amuna anga ndi mlonda pakampani. Anadwala sitiroko miyezi iwiri yapitayo ndipo dzanja ndi mwendo wakumanja sizigwira bwino. Potuluka m'chipatala anatiuza kuti azichita fizio. Kolipira atchula ndalama zoopsa, ndiye timaitana bambo wina wosisita ndi mafuta. Khadi la inshuwaransi ya zaumoyo ya NHIMA tili nalo. Wa fizio wolandira khadili ndingamupeze kuti? Ndine wothedwa nzeru, ku Chunga.

Mwana wanga, kalata yako yandigwiritsa pakamwa. Kuyambira 2019 anthu apantchito akhala akudulidwa kwacha imodzi pa 100 iliyonse ya malipiro, abwana n'kuwonjezerapo ina, ndipo fizio ili m'gulu la thandizo limene NHIMA imalipira. Tsono iwe khadi walisunga phee m'Baibulo, ndalama ya ndiwo ukupatsa munthu wa botolo lopanda dzina? Safunsa anadya phula. Koma poti wafunsa, pukuta misozi umve.

Usathamangire ku chipatala chachikulu cha UTH ngati kuti kumeneko uli ndi malume. Tenga pepala limene anakupatsani potuluka m'chipatala, khadilo ndi chitupa cha NRC cha mkamwini wanga, mulawirire ku chipatala cha Matero Level One, pakhomo panu pomwepa. Ngati pepalalo linasowa, kiliniki yapafupi ikulemberani kalata. Mukafika, yamba wafunsa pa desiki ya NHIMA ngati khadi lili moyo, chifukwa alipo mabwana ena odula ndalama koma osatumiza. Zikakhala choncho, pita kuntchito kwawo ndi mapepala a malipiro m'manja, usakaseke nawo. Matenda akafuna zida zoposa za pa Matero, iwo eni adzakutumizani ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa.

Ukakopeka ndi chipatala cholipira, funsa asanawagwire n'komwe: kodi NHIMA inakuvomerezani, ndipo fizio ilimo? Wa fizio weniweni anaphunzira, kaya ku Evelyn Hone kaya ku UNZA kaya kwina, ndipo ali ndi chiphaso cha Health Professions Council of Zambia. Wako wa mafutayo umufunse chake, uone mmene ayambire kutsokomola.

Chondidetsa nkhawa ine ndi nthawi. Miyezi yoyambirira munthu akadwala sitiroko ndi imene thupi limaphunziranso msanga, ndipo iwiri yapita kale. Dzanja losiyidwa limauma, zala n'kupindikira m'kati, mapeto ake ngakhale kulisambitsa kumakhala kulira. Choncho ukalowe nawo m'chipinda cha fizio, uone ndi maso, uyeseze pamaso pa wa fizioyo mpaka akuuze kuti wakhoza. Iye adzawaona kanthawi kochepa, masiku ena onse ntchito ndi ya pakhomo. Ndipo powadzutsa musamakoke dzanja lofookalo, phewa limaguluka. Mankhwala a BP asadumphe tsiku.

Ndikudziwa chimene ukuchita: ukuwadyetsa, ukuwamanga mabatani, ukuwayankhira alendo. Chikondi chimenecho chikuwapundula. Amuna, paja, ukawazoloweretsa ufumu satula pansi. Asiye alimbane ndi mbamu ya nsima, igwe, atolenso. Adzakwiya, mwina adzakulankhula mawu amene sanakulankhulepo chikwatirirane. Si iwe akudana nawe. Munthu amene ankalondera katundu wa anthu usiku wonse lero akuperekezedwa kuchimbudzi, manyazi ndi amene akulankhula.

Nawenso ndiwe munthu, msana uli nawo umodzi. Alamu ako aja amene ankadzaza khonde pa mapeto a mwezi ali kuti? Agawire masiku: uyu ndalama ya basi, uyu kuperekeza. Akayamba zakuti tatanganidwa, uwauze kuti Azakhali akufuna kudzacheza kwawo ndi chikwama chachikulu.